Hamala Ili M'mwamba

174

Eti kuli mayi wina, dzina lake Elufe, amene anabisa supuni m'mfundo ya chitenje n'kulowa nayo ku nazale ya chipatala. Supuni. Ya tiyi. Ku nazale kumene amakusambitsa m'manja mpaka m'zigongono, kumene nsapato umasiya pakhomo, kumene ana obadwa masiku asanakwane amagona m'timabokosi ta galasi, iyeyo n'kudutsa ndi supuni m'chiuno, nkhope ili phee ngati munthu wopita kukadya mgonero. Amene anandiuza nkhaniyi sindimutchula. Koma ndi yoona.

171

Elufeyo ndi woswa miyala. Kuthanthwe la kwa Mdzinga, m'mbali mwa msewu wa fumbi, amayi amakhala pansi atatambalala, mwala pakati pa miyendo, hamala m'manja, kuswa kwale amene omanga nyumba amadzatenga pa lole. Go. Go. Go. Dzuwa kutuluka, go. Dzuwa kufika paliwombo, go. Ntchitoyi anaiyamba asanakwatiwe, ndipo atatenga pakati sanaisiye. Ankangosunthira mwala uja kutsogolo pang'ono mwezi ndi mwezi kuti mimba ipeze pokhala.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, Lachiwiri lina m'mawa, nsupa inasweka hamala ikadali m'manja. Anzake anamukweza pa lole yomweyo ya miyala, atamuyalira zitenje zawo pamwamba pa kwale. Njira yonse ankangonena chinthu chimodzi, nthawi sinakwane, nthawi sinakwane, ngati pali amene ankamufunsa.

169

Anabadwa wamkazi. Kilo imodzi ndi kapamwamba pang'ono, kulemera kwa paketi ya shuga. Sanalire ayi, anangoti nyee ngati kamwana ka mphaka, basi anamwino n'kuthamanga naye. Elufe anakamuona mawa lake, ndipo m'kabokosimo anapeza izi:

kachubu kolowa m'mphuno, kodutsira mkaka
kachipewa koluka kachikasu, kofika m'maso
thewera lopinda kanayi, koma lalikulube
kanthu kowala mofiira kopana phazi, chingwe chake chokwera ku makina a pakhoma
kapepala kolembedwa kuti Mwana wa Elufe

Dzina ayi. Kwawoko mwana satchulidwa dzina mchombo usanagwe, nanga wotereyu, wofika asanaitanidwe, anthu amayamba adikira aone ngati wabwera kudzakhala.

Pa makina paja panali nambala yobiriwira yosakhazikika, 149, 152, 150. Sista Kalinde, namwino wamkulu wa nazaleyo, mayi wamfupi wa magalasi a chingwe amene amalankhula akuyenda, anailoza ndi cholembera. Umenewo ndi mtima wake, mayi, anatero, mmene ukugundira pa mphindi imodzi. Musamaiyang'anitsitse, idzakuzunguzani mutu.

Elufe anayang'ana nambala.

168

Bambo a mwanayu, a Layisoni, anapita ku Joni mimba ili ya miyezi iwiri, ndiye wodikirira Elufe kuchipatala anali apongozi ake, a Nachisale. Munthu ameneyu tisamunamizire. Kuchapa amachapa, phala lawo silifika lozizira, matewera amawayanika molunjika ngati asilikali. Koma pakamwa, abale! Kukhitchini ya magadiyani anauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti mwana anathawa m'mimba chifukwa cha hamala. Atamaliza onse a kukhitchini anabwera kwa mwini wake, atanyamula phala.

Mwana ameneyu makutu alibe, anatero a Nachisale. Miyezi isanu ndi iwiri hamala pamutu pake, ngakhale ine ndikanatulukamo. Akatuluka muno, Mulungu akalola, ndikamulera ndine. Inu mukapitirize kumiyala kwanuko, mwanayu mwamupweteka kokwana.

Apongozi sayankhidwa. Elufe anamwa phala lonse n'kuthokoza. Koma mawu aja anamulowa ngati kamwala kothethekera m'diso, kamene ukamatikita ndi pamene kamalowa mkati, ndipo kuyambira tsikulo anayamba kuopa kuti chinthu choopsa kwambiri kwa mwana wake ndi iye mwini.

166

Tsiku lachinayi, mayi wokolopa anagwetsa beseni lachitsulo pakati pa nazale. Khwengwerere! Amayi onse amene ankafinya mkaka m'timakapu anadzidzimuka, wina mpaka kutaya wake. Elufe yekha sanatembenuke, maso ake anali pakhoma monga mwa masiku onse, ndipo anaona ndi maso ake 149 ikulumpha kufika 178. Kamwendo kaja kanaponda m'malere. Kenako nambala inabwerera pang'onopang'ono pamalo pake.

Anaseka. Munthu woyamba kuseka mu nazale imeneyo sabata yonse, mpaka wokolopa uja anakwiya poganiza kuti akumuseka iyeyo. Amamva! Mwana wopanda makutu angalumphe ndi beseni?

Wina akanalekera pomwepo, n'kupita kukauza apongozi, nkhani n'kutha. Koma Elufeyo mutu wake ndi wina. Kuthanthwe amadziwika kuti saswa mwala asanaugogode mbali zonse kuti amve pamene pali mng'alu. Ndiye anayamba kudzifunsa: kodi ndi beseni, kapena zangokumana? Kodi ndi khutu lamva, kapena pansi pagwedezeka? Nanga phokoso laling'ono angalimve? Mafunso amenewa ndi amene anabereka supuni.

164

Anadikira Sista Kalinde atuluke. Anamasula mfundo, n'kugogoda mwendo wachitsulo wa kabokosi, pang'ono chabe, ngwe. Akagogoda amadikira nambala ibwerere pa 150, n'kugogodanso. Sukulu analekera sitandade sikisi, koma manambala sanamuvutepo, ndipo zonse anazilemba ndi pensulo kumapeto kwa buku la sikelo.

ngwe woyamba, 172
ngwe wachiwiri, 168
wachitatu, 163
wachinayi, 158
wachisanu, 154
wachisanu ndi chimodzi, 151
wachisanu ndi chiwiri, 150

Anagogodanso, mwamphamvu pang'ono.

150.

Elufe anayang'ana nambala. Nambala sinasunthe.

162

Anatuluka n'kukakhala pakhonde la wodi, dzuwa lili nye, ndipo mutu wake unayamba kuswa nkhaniyo mmene amaswera mwala, kuti beseni analimva chifukwa kakumva kanalipo ndithu, kochepa, kotsala pa zimene hamala inawononga, ngati kamchere kotsalira pansi pa paketi, ndiye iye ndi chidwi chake chopanda pake wabwera ndi supuni n'kumatapa, ngwe kutapa, ngwe kutapa, mpaka paketi yatha, mayi wanji iwe woti mwana wako watsala ndi kakumva ka tsiku limodzi iwe n'kukamalizira pa masewera a supuni, m'malo moti akasunge adzamvere mvula, adzamvere belu la kusukulu, adzamvere lole ikubwera kumbuyo kwake pamsewu wa kwa Mdzinga pamene madalaivala sadziwa kuti mabuleki ali mbali iti, adzamvere dzina lake limene sanapatsidwe n'komwe, ndipo a Nachisale akadzamva adzati ine ndinanena, ndipo choipa kwambiri n'chakuti adzakhala akunena zoona

173

Chitseko. Usadzidzimuke, ndi chitseko chabe, pali ena muno kutseka bwino anakuiwala kwawo.

Tinali pati? Eya, pa supuni.

165

Mawa lake anayesanso kamodzi. Ngwe. 161. Ha! Ndiye kuti kakumva kaja kamabwerera, ngati madzi a m'chitsime cha m'chilimwe amene mukatunga onse madzulo, m'mawa mumapezamo ena pansi. Anagogodanso kawiri, ndipo pa kachitatu nambala inakana kusuntha. Dzulo kasanu ndi kawiri, lero katatu. Anabweza supuni m'mfundo n'kulumbira kuti satunganso.

Koma maso sanalumbire nawo. Phokoso lililonse la mu nazale analilemba, ndipo mantha ali apo, chidwi chinalinso apo, awiriwa amakhala bwino limodzi mwa Elufe.

chifuwa cha dokotala wophunzira, 166
tayala lolira la tebulo la mankhwala, 170, koma podutsa kachitatu kanthu ayi
khwangwala padenga, 160
mvula pamalata, 164 poyamba, kenako ngati kulibe mvula
voisi ya pafoni ya a Layisoni yochokera ku Joni, 169, chimodzimodzi mlendo aliyense
a Nachisale kuyetsemula kuseri kwa windo, 175

Mawu ake a iye mwini mu mndandandawu munalibe. Anali asanalankhulepo ndi mwana wake. Manyazi. Munthu wamkulu ungalankhule ndi bokosi anthu akukuona?

160

Kabokosi koyandikana ndi ka mwana wa Elufe kanali ka kamnyamata, mayi ake anali mtsikana wa duku lobiriwira amene ankagawira Elufe sopo. Lachisanu m'mawa, nthawi yofinya mkaka, makina a kamnyamatako anayamba kulira.

120.

96.

71.

Sista Kalinde anathamanga, wina anabwera ndi kachikwama kopopera mpweya, amayi onse anauzidwa kuti atuluke, koma Elufe ali pakhomo anacheuka ndipo anaona 44. Patapita nthawi makina aja anazimitsidwa.

Mtsikana wa duku lobiriwira sanalire mokuwa. Anakhala pansi m'khonde, kachipewa ka mwana wake kali m'manja, n'kumauza aliyense wodutsa kuti sindinamuuze n'komwe kuti ine ndine mayi ake, ndimadikira akule pang'ono.

Tsiku limenelo Elufe anaphunzira zinthu ziwiri. Choyamba, nambala yotsika ndi imfa. Chachiwiri, osadikira.

157

Masana omwewo anawerama pa kabowo kolowetsera dzanja m'kabokosi. Manyazi anawasiya pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Ndine, anatero. Ndabwera ndi mkaka.

Elufe anayang'ana nambala.

151. 147. 144. 141.

Anatseka pakamwa ndi dzanja. Nambala inakhala kanthawi, n'kukweranso yokha mpaka 150. Anati mwina zangokumana, poti iyeyo sakhulupirira chinthu chochitika kamodzi. Anayesanso pofinya mkaka wa madzulo: ndine, ndabweranso. 142. M'mawa mwake: wadzuka bwanji, mayi? 140.

Beseni limakweza. Khwangwala amakweza. Dokotala wa chifuwa, bambo ake a ku Joni, ngakhale chimfine cha a Nachisale, onsewo amakweza. Pa dziko lonse lapansi munthu mmodzi yekha ndi amene akatsegula pakamwa mtima wa mwanayu umatsika kulowera kumene unapita wa kamnyamata kaja, ndipo munthuyo ndi mayi ake.

Anachita mantha amene sanachitepo chibadwire.

155

Chete.

Loweruka masana, chete. Lamulungu, chete. Amalowa, kusamba m'manja, kufinya mkaka, kupereka kakapu kwa namwino, kutuluka. Akamupatsa moni mu nazale amayankha ndi mutu. Chifuwa chikamugwira amathamangira panja kukakhosomolera kuseri kwa thanki ya madzi. Amayi ena ankaimbira ana awo nyimbo za kwaya, wina ankauza wake mitengo ya tomato, Elufe yekha ali duu ngati chitsa.

Anthu anayamba kulankhula, nanga anthu angasiye? Ena ankati ndi wamwano. Ena ankati mutu wasokonekera, zimachitika akabereka. A Nachisale, amene ankaonera pawindo poti magadiyani salowa, anakauza Sista Kalinde kuti mpongozi wawo mwanayu sakumufuna, ndipo ndi bwino achipatala adziwiretu kuti wokamulera ndi ndani.

Masiku asanu ndi limodzi. Chete.

153

Zimene ankafuna kunena masiku amenewo:

kuti zala zako n'zazitali ngati za agogo ako a kuchimuna, koma usawauze
kuti kachipewa kachikasu sikakukhala, ndidzakulukira kena
kuti kwanu kuli mtengo wa mapeyala umene sunabalepo, ukuyembekeza iwe
kuti mwala ndinkausunthira kutsogolo mwezi uliwonse, sindinakuiwale tsiku ndi limodzi lomwe
kuti pepa

Zonsezi ndinkazimeza. Ankazimeza, ndikutanthauza Elufeyo. Ankaluma nsonga ya chitenje kuti zisatuluke, mpaka chitenjecho chinabooka.

150

Lachinayi Sista Kalinde anafuna buku la sikelo kuti alembemo kulemera kwa mwana. Anatsegula molakwitsa, chakumapeto, ndipo anapeza masamba anayi odzaza manambala a pensulo, mizere yowongoka, tsiku lililonse pakepake. Anakweza magalasi. Anawerenga. Kenako anachita chinthu chimene palibe anamuonapo akuchita mu nazale imeneyo: anakoka mpando n'kukhala pansi.

Izi walemba ndani? anafunsa Sista.

Elufe analoza pakhomo. Anatuluka onse awiri, ndipo m'khondemo, kutali ndi kabokosi, anaulula zonse monong'ona ngati wakuba nkhuku: za hamala, za beseni, za kamchere kotsala m'paketi, za chitsime, za mawu ake amene amatsitsa mtima wa mwana. Pomaliza anamasula mfundo n'kupereka supuni, poganiza kuti basi, amuthamangitsa.

Sista anaitembenuza supuni ija uku ndi uku. Ankaoneka ngati akufuna kukalipa ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri zinamukanika. Ndiye masiku onsewa simukulankhula naye chifukwa cha zimenezi? anafunsa. Mayi inu, bwanji osandifunsa?

Mumakhala mukuyenda, anayankha Elufe.

Sista sanatsutse.

148

Anaipukuta supuni ija ndi sipiriti, poti lamulo ndi lamulo, n'kupita nayo ku kabokosi. Lero lokha, anatero, ndipo mukadzabweranso ndi ziwiya za kukhitchini muno mudzandidziwa. Ngwe. 159. Ngwe. 154. Ngwe. 150. Ngwe. 150.

Mwaona, ananong'ona Elufe pakhomo. Kwatha.

Sista anapisa m'thumba la yunifolomu, anatulutsa makiyi a kabati ya mankhwala n'kuwagwedeza pang'ono. Tsetsetse.

171.

Kamwendo kanaponda m'malere.

Makutu akufa angadzuke ndi makiyi? anafunsa Sista.  Ndiye Sista anamufunsa funso lina, loti kumiyala kwawoko phokoso la mahamala amalimva kapena ayi.

Apa m'pamene mutu wouma uja unang'aluka. Mlendo akafika kuthanthwe la kwa Mdzinga amatseka makutu, amafunsa kuti mumakhala bwanji m'phokoso lotere, ndipo amayi amayang'anana, phokoso liti? Sabata yoyamba yokha ndi imene umagona mutu ukulira. Ikatha imeneyo mumacheza bwinobwino pakati pa mahamala makumi awiri, mumamva ngakhale wonong'ona. Koma tsiku limene mayi wina anabwera ndi hamala ya mpini wachitsulo, yolira kuti ngwii m'malo mwa go, thanthwe lonse linatembenuka nthawi imodzi.

Ndiye kuti wazolowera, anatero Elufe pang'onopang'ono. Supuni waidziwa. Wangoona kuti ilibe nkhani.

Tsiku loyamba anaiphunzira kasanu ndi kawiri, anatero Sista akuloza m'buku, tsiku lachiwiri katatu. Mwana wanu amakumbuka za dzulo, mayi. Ine zimenezi ndinangoziwerenga m'buku kusukulu, mayeso atatha n'kuziiwala. Inu mwaziona ndi maso.

145

Koma la supuni linali funso laling'ono. Lalikulu linali lisanafunsidwe.

Nanga ine? anafunsa Elufe. Bwanji ine ndimatsitsa?

Sista anati kutsika kuli pawiri. Kwina nambala imagwa osaima, milomo ya mwana imada, makina amalira, ndipo kumeneko n'kumene anamwino amathamangira. Kwina imatsika pang'ono n'kuima, mwana ali wofiira bwinobwino, manja atafewa. Anatsegulanso buku lija n'kumuonetsa zimene Elufe analemba yekha: 141, 142, 140. Palibe tsiku inapitirira pamenepo, ndipo makina sanalirepo. Chifukwa chenicheni, Sista anavomera, sangalumbire kuti akuchidziwa chonse, za m'mutu mwa kanthu kotere ndani angazimalize? Koma ana ena amatero akamamvetsera, makamaka mawu amene anawamva kale ali mkati.

Maganizo a Elufe anachoka m'chipatalamo. Anali kuthanthwe. Uli mkati moswa, go, go, go, ndiye chapatali wina akuitana, mawu oti ukuwadziwa. Suthamanga. Sumenya mofulumira. Dzanja limaima lokha, hamala ili m'mwamba, mutu n'kupendekeka kuti umve bwino ngati ndi iwedi akukuitana.

Amaimika hamala, anatero.

Sista sanamvetse, anafunsa kuti hamala yanji. Elufe sanafotokoze. Anali akulira, ndipo kulira kwake kunali kopanda mawu, chizolowezi cha masiku asanu ndi limodzi.

143

Musaganize kuti anakhulupirira pomwepo. Uyu ndi Elufe, wogogoda mwala mbali zonse. Nthawi zonse zitatu zija analankhula mawu awiri atatu n'kutseka pakamwa msanga. Nanga akanapitiriza? Ndani akudziwa kuti nambala ikanaima? Mwina inkaima chifukwa iye ankaleka.

Elufe atafunsa zimenezi, Sista Kalinde analibe yankho la m'buku. Anayang'ana wotchi, anayang'ana mwana, anayang'ana kulemera kumene anali atangolemba, kilo imodzi ndi magalamu mazana anayi.

Ndiye tiyese, anatero. Ine ndikhala pompano, sindiyenda. Ikafika pamene sindikufuna, ndikuuzani musiye. Vulani bulauzi.

141

Kangaru, ndi mmene amatchulira: mwana pachifuwa cha mayi, khungu ndi khungu, n'kumanga ndi chitenje. Sista anatsegula kabokosi, ananyamula kanthu kaja ndi zingwe zake zonse, n'kukagoneka pakati pa mabere a Elufe. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi chibadwire, aka kanali koyamba kumugwira. Wofunda. Wopepuka moti anaopa kupuma.

Chitenje chinafunika womanga kumbuyo. Sista anayang'ana pawindo, anakodola a Nachisale, n'kuwauza kuti lero lokha, asambe m'manja mpaka m'zigongono. Analowa chonyang'ama, opanda nsapato, ndipo pakamwa paja panalibe mawu. Anamanga mfundo, anaiyesa ndi chala, anaimasula n'kumanganso bwino. Kenako anakaima pakona.

Mwana sanakondwe ndi kusamutsidwaku. Anakwinya nkhope, anaponda, anati nyee. Nambala inakwera mpaka 174.

Lankhulanitu, anatero Sista.

Elufe anatsegula pakamwa. Zonse zija ankameza masiku asanu ndi limodzi zinathawa, sipanatsale ndi chimodzi chomwe. Ndinene chiyani? anafunsa ndi maso.

Chilichonse, anatero Sista. Kumiyala kwanuko simudya miseche? Mudyereni miseche.

140

Miseche ya ndani, poti mwanayu sadziwa munthu aliyense?

Amadziwa mmodzi.

139

Ndiye ndi imeneyi miseche yake, mwana wanga. Ndakuuza yonse, kuyambira pa supuni. Mayi wouma mutu uja, woswa miyala, wolowa ndi ziwiya za kukhitchini ku nazale, ndi yemweyu wakufungatirayu. Ndimati Elufe, Elufe, ngati ndikunena wina, chifukwa ndikanayamba ndi kuti ine, mawu akanandithera panjira.

Manambala amene ndimayambira chigawo chilichonse si a nkhaniyi ayi. Ndi ako. Ndikanena pang'ono ndimakweza maso pakhoma, n'kuwerenga mumtima, n'kupitiriza. Ndinayamba uli pa 174, utakwiya. Chitseko chija chinakubweza m'mwamba, ndinaona. Kenako unayambanso kutsika, 160, 150, 145, ndipo ine lilime likufuna kuima, koma Sista ali apa pampando sananene kuti ndisiye.

Tsopano ndalankhula nthawi yaitali kuposa masiku onse a moyo wako kuphatikiza pamodzi, ndipo taona.

139.

Ndikulankhulabe, ndipo 139.

Yaima. Milomo yako ndi yofiira. Kadzanja kako katambasuka pa khungu langa, zala zazitali zija, ndipo agogo ako pakona apo akuyesa ngati sakumva, koma akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku. Za mapeyala ndikuuza mawa. Za pepa ndikuuza lero: pepa, masiku asanu ndi limodzi unkandidikira hamala ili m'mwamba, ine ndili duu, kuyesa ndikukupulumutsa.

Unkandimva kalekale, eti? Mkati muja, pansi pa phokoso lonse lija. Mahamala makumi awiri unawazolowera n'kuwataya, koma mawu a mayi ako akudya miseche kuthanthwe unawasunga.

Sista, nambalayo iyang'aneni ndinu tsopano. Ine ndatseka maso. Ndikumumva pachifuwa pompa, kahamala kake pafupi ndi yanga, go, go, go.

Ndine, mwana wanga. Ndabwera.